Buku Nambala 14

1. Loweruka lofufuta

Tsabola analowa m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi osapereka moni kwa munthu aliyense. Anakoka benchi ndi phazi n'kukhala, nkhope ili ndwii. Dzina limeneli sanam'patse mwangozi ayi. Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, koma akatsegula pakamwa, ngakhale anyamata akuluakulu ankayamba kufuna kolowera.

Tsikulo sanafune n'komwe kubwera. Amayi ake ndi amene anachita kumukankha. Panali patatha miyezi inayi chimwalirireni mlongo wake wamng'ono, ndipo kuyambira pamenepo Tsabola za tchalitchi sankafunanso kuzimva.

Ntchito imene anamuitanira inali yofufuta mabuku.

Mpingowo unali ndi mabuku a ana a Sande sukulu makumi anayi okha. Tsamba lililonse linali ndi nkhani ya m'Baibulo ndi chithunzi pamwamba, ndipo pansi panali mafunso ndi mizere yoti mwana alembemo mayankho. Mabukuwo anabwera kalekale ndi mlendo wina, ndipo mabuku otere sankapezekanso m'masitolo.

Ndiye akulu a mpingo anapangana nzeru. Ana azilemba ndi pensulo basi. Dzina asalembe, buku lizidziwika ndi nambala ya pachikuto. Chaka chikatha, achinyamata azisonkhana Loweruka n'kufufuta mayankho onse ndi labala, kuti mawa lake ana atsopano alandire mabuku oyera.

Wosunga mabukuwo anali mkulu wa mpingo amene ana ankangowatchula kuti a Makiyi. Munthu ankayamba wamva makiyi akulira m'chiuno mwawo asanawaone iwo eni. Anatsegula kabati, n'kutulutsa mabukuwo ndi manja awiri ngati akunyamula mazira.

"Ana inu, tcherani khutu," anatero a Makiyi. "Mabuku awa aphunzitsa ana ambiri, ena pano ali ndi ndevu. Labala musachite naye ngati mukukwecha poto. Dzanja lina ligwire tsamba, lina lizifufuta pang'onopang'ono, kuchokera pakati kupita kunja. Ukang'amba tsamba, wang'amba phunziro la mwana wa chaka chino, wa chaka chamawa, ndi wa chaka chinacho. Ndipo buku silituluka m'chipinda muno. Ndati silituluka! Ngakhale abusa akalifuna, amadzawerengera pomwe pano."

"Ngati ndi golide," Tsabola anang'ung'udza.

"Wati chiyani iwe?"

"Palibe."

"Palibeyo akhale palibe ndithu."

Ofufuta anali anayi: Tsabola, anyamata awiri a kwaya, ndi mtsikana wina wotchedwa Phee. A Makiyi anagawa mabuku khumikhumi, n'kulemba papepala manambala amene aliyense walandira. Phee analandira kuyambira 11 mpaka 20.

Phee anali mnzake wa Tsabola wa kusukulu. Anali wachibwibwi, ndipo chifukwa cha ichi sankakonda kuyankhula pagulu. Banja lawo linali litangosamukira m'deralo chaka chomwecho. Koma ana aang'ono ankamukonda, moti akulu anamusankha kuti kuyambira mawa lake azithandiza kuphunzitsa kalasi ya ana. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti anthu amusankhe pa chinthu chilichonse. Anali atasita kale diresi yodzavala.

2. Zilembo zopendekera kumbuyo

Tsabola ankafufuta ngati akumenyana ndi munthu. Tebulo linkachita kugwedera. Anzake asanafike n'komwe pa buku lachisanu, iye anali atamaliza onse khumi.

"Bweretsa kuno ena," anauza Phee. "Iwe ukuchita ngati ukusisita khanda. Tigona muno."

Sanadikire yankho. Anasolola buku limodzi pa mulu wa Phee. Pachikuto panali nambala 14.

Analitsegula, n'kuyang'anitsitsa tsamba loyamba.

Zilembo za m'bukumo zinali zopendekera kumbuyo, ngati zikufuna kubwerera kumene zachokera. Mzere uliwonse unali wodetsedwa, chifukwa wolembayo ankakhulula pensulo ndi m'mbali mwa dzanja lake. Mu mpingo monsemo munali mwana mmodzi yekha wolemba chonchi. Anali mlongo wake uja, amene aliyense ankamutcha Manzere, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi amene anangodwala masiku atatu okha n'kupita.

Tsabola anawerenga funso loyamba. Linkati, "Kodi anakulenga ndani?" Pansi pake Manzere analemba kuti, "Mulungu. Koma mphuno ndi ya amayi."

Anatsegula tsamba lina. "Tchula munthu amene umamupempherera." Yankho linali lakuti, "Achemwali anga, kuti asiye kukalipa ngati wailesi."

Anapitiriza kutsegula. Mayankho anafika pa phunziro 18. Kuyambira pa 19 mizere yonse inali mbee, yosalembedwa.

Kunyumba kwawo kunalibe kanthu kena kalikonse kolembedwa ndi Manzere. Maliro atangotha, azakhali awo anasesa m'nyumba monse, ati kuti amayi asamangolira akaona zinthu za mwana. Zovala anagawa, nsapato anagawa. Makope a kusukulu anayatsira mbaula. Makope a mwana womwalira, kuyatsira mbaula! Tsabola atabwera kuchokera kusukulu tsiku limenelo anangopeza phulusa, ndipo mpaka pano azakhaliwo sawapatsa moni.

Tsopano ndi ichi. Kanthu kotsiriza kamene Manzere anakagwira ndi dzanja lake kanali patsogolo pake, ndipo iye anali ndi labala m'manja.

Apatu panangofunika kuimirira n'kunena kuti, "Bambo, bukuli analembamo ndi mlongo wanga." Mawu ochepa chabe. Koma Tsabola kupempha ankakuona ngati kugonja. Ayambe kulira pamaso pa anyamata a kwaya? Apemphe a Makiyi, munthu woti ngakhale abusa amawakaniza? Anawayang'ana atatembenuka akupukuta m'kabati, n'kulowetsa bukulo m'kati mwa juzi yake, kulipanikiza ndi lamba wa siketi.

Atadzutsa mutu, maso ake anakumana ndi a Phee. Phee anayang'ana pansi n'kupitiriza kufufuta.

3. Lasowa limodzi

Dzuwa litafika pamutu ntchito inatha. A Makiyi anayamba kubweza mabuku m'kabati, akuwerenga mokweza. Atafika pa 13 anatenga lotsatira, n'kupeza kuti ndi 15. Anawerenganso. Anayang'ana pansi pa tebulo, kuseri kwa benchi, m'kabati momwe.

Kenako anapita pakhomo n'kutseka chitseko.

"Nambala 14 ili kuti?"

A Makiyi anatenga pepala lija n'kuliyandikitsa kumaso.

"11 mpaka 20. Iwe Phee, imirira."

Phee anaimirira. Anamuuza kuti akhuthule chikwama chake patebulo. Munatuluka mpango, chipeso ndi kabotolo ka madzi. Mnyamata mmodzi wa kwaya, wapakamwa ngati mlembi wa khoti, anakumbutsa kuti Phee anatulukapo kamodzi kupita kuchimbudzi.

"Ndiye wakalibisa panja?" anafunsa a Makiyi. "Yankha! Pakamwa uli napo."

"Ine s-s-s..." Munthu wachibwibwi ukamukalipira ndiye wamutsekeratu pakamwa, koma a Makiyi ukali unali utawaphimba m'maso.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndasunga mabuku awa," anayamba motero, chala chili m'mwamba. "Chiswe ndalimbana nacho. Denga lodontha ndalimbana nalo. Makoswe ndalimbana nawo. Sindinataye ngakhale limodzi. Lero lisowe dzuwa likuswa mtengo, m'manja mwa ana a mumpingo? Mukudziwa chimene mwachita? Mawa kubwera ana makumi anayi, mayina awo ndalemba kale. Mmodzi adzaima apa chimanjamanja anzake akulandira. Ndidzamuuza chiyani? Kuti Mulungu amakukonda, koma buku lako aba achemwali ako?

"Kubatu sikuyambira pa ng'ombe, ana inu. Kumayambira pa kanthu kakang'ono, pamene munthu akuti, 'Ine ndikukafuna kwambiri kuposa mwini wake.' Wakuba aliyense ali ndi chifukwa chake chokoma. Pitani kundende mukafunse, simukapezako wopanda chifukwa. Koma choipa chitsata mwini. Ungalibise m'dzenje bukulo, mtima wako suubisa m'dzenje."

Tsabola anakhala chowerama. Thukuta linkayenderera kumsana, ndipo ngodya ya buku inkamubaya m'nthiti. Pakamwa paja pamene sipankapuma, tsikulo panatsekeka ndi loko.

"Iwe Phee," anamaliza a Makiyi, "mawa kwa ana usayandikeko. Sindingapereke ana kwa munthu amene buku limasowa m'manja mwake. Likapanda kupezeka pofika mawa, nkhani ipita kwa akulu a mpingo. Tulukani!"

Anyamata aja anathamanga ngati apatsidwa mphoto, ndipo aliyense ankadziwa kuti pofika madzulo nkhaniyo ikhala itazungulira dera lonse. Phee anatsatira Tsabola mpaka pa geti la tchalitchi. Pamenepo anamugwira mkono.

"Nd-ndinakuona."

"Ndiye bwanji sunanene?" Tsabola anakutumula mkono wake.

"Ndimadikira un-unene wekha. Ndiwe mnzanga."

Mawu amenewa akanamuchititsa manyazi munthu wina. Tsabola anangomuwonjezera moto.

"Iwe ukudziwa chiyani? Unaikapo m'bale wako m'manda iwe? Iwe ukulirira kuphunzitsa tiana nyimbo, ine ndikukamba za mlongo wanga! Bukuli ndi lake. Analembamo ndi iye. Sindibweza, olo mutani!"

"B-bambo anga akamva kuti ndaba..."

"Ndiye ukawauze kuti sunabe! Ndikuyankhulire ndine?"

Phee anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Anatembenuka n'kumapita kwawo, akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu.

4. Kuseri kwa nyumba

Amayi ake a Tsabola anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, ndipo masana amenewo anali kalikiliki kusoka mayunifolomu. Tsabola anawadutsa osayankhula, n'kukakhala kuseri kwa nyumba pa chidebe chovundikira. Anatulutsa buku lija n'kuyamba kuliwerenga kuchokera poyambirira.

Sanamve n'komwe kuti makina asiya kulira.

"Ndakuitana katatu kuti udzandigwirire nsalu," anatero amayi ake, ataima pakona ya nyumba, tepi ili m'khosi. "Chimenecho n'chiyani? Si buku la ku Sande sukulu limenelo? Latuluka bwanji?"

Tsabola anangowapatsa bukulo lili chitsegulire.

Amayiwo anayang'ana tsambalo kamodzi kokha. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, osasamala za chovala. Anayendetsa chala pa zilembo zopendekera zija, mzere ndi mzere. Analira osatulutsa mawu. Tsabola anaganiza kuti wapeza womuikira kumbuyo, ndipo anafotokoza zonse mmene zinayendera, za Phee zomwe.

Amayi ake anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kutseka bukulo.

"Likabwezedwe."

"Mwati chiyani?"

"Wandimva."

Tsabola anadzambatuka, chidebe n'kugubuduka. "Inu amayi! Azakhali anawotcha makope ake inu mukuyang'ana, simunanene kanthu. Nsapato zake wavala mwana wina, simunanene kanthu. Lero ndapulumutsa kamodzi kokhaka, mukuti ndikapereke akakafufute? Kodi mwanayu anali wanu kapena munangotola? Taonani apa, ankandipempherera ine. Nanga iye, Mulungu wanuyo anali kuti masiku atatu aja?"

Mayi wina akanamuwomba mbama. Amayi ake anangomuyang'ana mpaka anamaliza.

"Watha? Khala pansi, tsopano ndiyankhule ine. Funso lakolo nanenso ndimalifunsa m'mawa uliwonse, ndipo yankho sindinalipeze. Sindikunamiza. Ukuganiza kuti ine bukuli sindikulifuna? Mwanayu ndinabereka ndine. Ndine ndinakakangana ndi aphunzitsi kusukulu pamene ankamukakamiza kulemba ndi dzanja lamanja. Ndikanakonda kuliika pansi pa pilo mpaka tsiku langa lomaliza.

"Koma tandiuza, ndizimulira mwana wanga pa buku limene laliza mwana wa mwini? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Phee uja ali ndi amake ngati ine, ndipo panopa kwawo kuli moto. Pensulo imafufutika, mwana wanga, koma munthu akatchedwa wakuba amakula nalo dzinalo. Adzakwatiwa nalo. Ana ake adzalimva kumsika. Chisoni chimene uli nachocho n'chenicheni, sindikutsutsa, koma sichikukupatsa ufulu woponda anzako. Wakwiyira Mulungu, wakwiyira azakhali ako, wakwiyira ine. Chabwino, ife tipirira. Nanga Phee anakulakwira chiyani? Iye wakubisira mlandu, iwe wamusiya m'madzi."

Tsabola anakukuta mano.

Amayi ake anakabwereka foni kwa aneba n'kujambula masamba onse, limodzi ndi limodzi. Koma pensulo inali yofooka, moti pa foni zilembozo zinkaoneka ngati utsi.

"Izi si zimene anagwira iye," anatero Tsabola.

"Ndikudziwa." Amayiwo anamubwezera bukulo m'manja. "Sindikulanda. Wakula. Mawa ndikakhala pa benchi ya kumbuyo m'chipinda chija, ndipo sindikanena kanthu. Pakamwa ndi pako."

Anabwerera pakhonde. Makina anayambanso kulira, koma ankangoti akasoka pang'ono n'kuima, akasoka pang'ono n'kuima.

5. Mwana wa makumi anayi

Lamulungu m'mawa chipinda chija chinadzaza ndi ana. Ena anali ndi mafuta ambiri kumaso moti ankachita kunyezimira, ena akulirira amayi awo pakhomo. Amayi ake a Tsabola anakhala pa benchi ya kumbuyo monga ananenera. Phee panalibe.

A Makiyi ankaitana ana mmodzimmodzi n'kumawapatsa mabuku. Mulu unkachepa, mpaka tebulo linatsala lopanda kanthu. Patsogolo pawo panatsala kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kovala diresi yaikulu ya mkulu wake. M'manja kanali ndi pensulo yatsopano, yosongola kale. Kanatambasula manja onse awiri mwaulemu, kakudikira.

A Makiyi anakhosomola.

Nthawi yomweyo Tsabola analowa, osagogoda. Anadutsa pakati pa mabenchi n'kuika bukulo patebulo kuti phaa!

"Nali buku lanu! Ndinatenga ndine. Ndinalibisa m'juzi, ndipo dzulo lonse lija ndinali nalo muno inu mukulalikira. Phee sanabe kanthu. Munamuweruza chifukwa ndi wachibwibwi, sakanatha kudziyankhira. Ine ndinalakwa, inde, koma nanunso munalakwa!"

Ana onse anangoti kukamwa yasa. A Makiyi anaimirira, makiyi akulira.

"Iwe mwana! Waba, ndiye ukubweranso kudzandilalatira pamaso pa ana?"

"Tsegulani muone!"

Analitsegula ali chikwiyire. Anayang'ana tsamba loyamba, kenako lachiwiri. Pang'onopang'ono anakhala pansi. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Ndamudziwa," anatero motsitsa mawu. "Ankakhala apo, kumapeto kwa benchi, kuti chigongono chake chisamagunde mnzake. Bwanji sunandiuze dzulo?"

"Mukanandipatsa?"

"Sindikudziwa. Mwina ayi. Koma Phee akanapita kwawo ndi dzina lake."



"Wanena zoona, ngakhale wazinena mwamwano," anapitiriza a Makiyi. "Ndinathamangira kuweruza, ndipo ndikayankha pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa makolo a mwana uja. Munthu ukasunga chinthu nthawi yaitali, umayamba kuchikonda kuposa anthu amene unachisungira. Za kuba kwako tikamba ndi akulu, usaganize kuti zatha. Koma za bukuli, lero ndiphwanya lamulo langa koyamba. Ukafuna, tuluka nalo. Ndi lako, palibe amene akutsatire. Chokhacho dziwa kuti lina ndilibe. Mwana uyu chaka chonse azisuzumira la mnzake, n'kumalemba pa kapepala. Buku ndi ilo, labala ndi uyo. Sankha wekha."

Anaika labala pambali pa bukulo n'kupinda manja.

"Ndiye mwanditula ine katunduyo!" Tsabola anakuwa. "Ndikatenga, ndine woipa. Ndikasiya, ndamuikanso m'manda kachiwiri. Chilungamo chake chili pati pamenepa?"

"Palibe," anatero a Makiyi. "Koma ndi mmene zilili."

Tsabola anacheuka kuyang'ana amayi ake. Iwo anangoyang'ana pansi, manja ali pamiyendo. Anali atanena kuti sanena kanthu, ndipo sananenedi.

Kamtsikana kaja sikankamvetsa zimene akuluakulu ankakangana. Kanakoka siketi ya Tsabola.

"Achemwali, buku langa ndi limenelo?"

Tsabola anakayang'ana. Anayang'ana pensulo yosongola ija. Kenako anatsomphola labala patebulo.

Mnyamata wa kwaya wapakamwa uja anayandikira, manyazi atamugwira. "Bweretsa ndikufufutire."

"Chotsa dzanja lako! Palibe wina alikhudze!"

Anapita ku benchi ya kumbuyo n'kukhala pafupi ndi amayi ake. A Makiyi anauza ana kuti ayambe nyimbo, ndipo anayamba, ena akucheukabe. Tsabola anatsegula tsamba loyamba, koma dzanja linakana. Amayi ake anagwira tsambalo, n'kuwerenga yankho la Manzere chapansipansi, mawu ndi mawu. Atamaliza anagwedeza mutu, ndipo Tsabola anafufuta.

Anatero tsamba lililonse. Amayi awerenge, mwana afufute. Pa phunziro lina funso linkati, "Ukadzakula udzamutumikira bwanji Mulungu?" Manzere anayankha kuti, "Ndizidzaliza belu, koma mokweza kuposa panopa." Onse awiri anaseka, misozi ikugwera pa siketi. Tsabola ankatembenuzira nkhope kumbali kuti isanyowetse pepala.

Pofika pa phunziro 18 ana anali ataimba nyimbo zonse zimene ankadziwa. Tsabola anauzira nyenyeswa za labala, n'kutseka bukulo. Anapita kwa kamtsikana kaja n'kukapatsa.

"Ukang'amba tsamba ngakhale limodzi, undiona," anatero, mawu ali osasa.

Kamtsikanako kanalandira ndi manja awiri, n'kuthamangira pa benchi kukaonetsa anzake.

Tsabola asanakhale pansi bwinobwino, chitseko chinatseguka mwamphamvu mpaka kugunda khoma. Pakhomo panaima bambo wamtali, wa manja akuda ndi zipsera za moto. Anali bambo ake a Phee, wowotcherera zitsulo, munthu amene sanapondepo m'tchalitchimo. Kumbuyo kwawo kunali Phee, maso atatupa, atavala diresi ya masiku onse.

"Mundikhululukire polowa chonchi," anatero bamboyo, koma mawu awo sanali opepesa. "Dzulo ndili pantchito, kasitomala akundifunsa ngati ndamva kuti mwana wanga waba m'nyumba ya Mulungu. Ine ndi ukali wanga ndafika kunyumba n'kumukalipira mpaka aneba kutuluka. Chakudya sanadye. Lero m'mawa ndiye akundiuza kuti sanatenge, ndipo amene anatenga akumudziwa, koma dzina akukana kutchula. Akuti ndi mnzake. Ndiye ndabwera ndidzamve ndekha. Amene wamuveka mwana wanga dzina la wakuba ndi uti?"

A Makiyi anagwira tebulo kuti aimirire. Koma Tsabola anali ataima kale, nyenyeswa za labala zili mbuu pa siketi yake.

"Yambani ndi ine, bambo," anatero.